Bambo Kamtedza ndi Chidole cha m'Galasi

Malemu bambo Ambrose Yotamu Kamtedza, amene agona patsogolo pathupa, anabadwa pa 9 Juni 1924 m'mudzi mwa Kampanje, m'boma la Ntcheu. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri la bambo Yotamu Kamtedza ndi mayi Agnes Nambewe, makolo amene onse awiri anatsogola kale. Wowerenga mbiriyi ndine Joseph Chimbalanga, mlongo wawo wa mayi Vainess amene aferedwawa. Malemuwa anali alamu anga, ndipo mukudziwa kuti pachilamu sitibisirana mawu. Choncho pamene pafunika kunena mosapsatira ndinena, akuluakulu a mpingo ndi anamfedwa nonse mundikhululukire.

Sukulu anayamba mu 1933 pa mishoni ya kufupi ndi kwawo, namaliza Sitandade 6 mu 1941. Aphunzitsi ankafuna kuti nawonso akaphunzire zauphunzitsi, koma manja awo anali atasankha kale njira ina. Wotchi ya m'kalasi ikaima, makina osokera a mayi busa akayamba kudumpha ulusi, woitanidwa anali Ambrose. Mapeto ake amishoni anangowaika m'shedi yokonzera zinthu kuti aphunzire ntchitoyo mwadongosolo.

Mu 1944 anakwera sitima kupita ku Halale, monga ankachitira anyamata a nthawi imeneyo. Kumeneko analembedwa ntchito ndi mzungu wina wokonza masikelo ndi makina osangalatsa anthu, aja oponyamo khobidi, amene ankaikidwa m'mahotela. Munthu wakuda sankaloledwa kuima kutsogolo kwa makinawo n'kuponyamo peni yake. Iwo ankalowera khomo la kuseri, kutsegula kumbuyo, kupukuta, kuthira mafuta, n'kutuluka mmene analowera. Ankakonda kutiuza kuti makina amenewa anayamba awadziwa msana asanawaone nkhope, ndipo ponena zimenezi sankaseka.

Anabwerera kumudzi mu 1950, ndipo pa 18 Ogasiti 1951 anamanga ukwati woyera ndi achemwali angawa, mayi Vainess, amene anali namwino. Onse awiri anagwira ntchito pachipatala chimodzi cha mishoni, mayi m'wodi, bambo akukonza zipangizo. Dokotala wina wa kuno ku Canada ataona manja awo anawathandiza kupeza malo pachipatala chachikulu m'katikati mwa Toronto. Anafika kuno mu 1968, banja linatsatira chaka chotsatira. Pachipatala chimenecho agwirapo mpaka chaka chino, ndipo anzawo a kuntchito ndi awo mwawaona adzaza mabenchi awiri kumbuyoko.

Mu 1970 kunabwera bambo Lameck Chisale, amene lero ndi wapampando wa akulu a mpingo wathu. Amene anakawachingamira ku bwalo la ndege, chikhoti chili kumanja poopa kuti mlendo auma ndi chisanu, anali malemuwa. Awiriwa ndiwo anayambitsa mapemphero a Chichewa pabalaza pa a Kamtedza, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia pamodzi, tisanayambe kubwereka holo ino. Onse anali akulu a mpingo. Ukaona mmodzi unkadziwa kuti mnzake sali patali.

Mu 1971 banja linasamukira ku Markham, masiku amene kuseri kwa nyumba kunali minda ndi ng'ombe. Nyumbayo ili ndi besimenti yaikulu, chipinda cha pansi pa nthaka, ndipo achemwali anga ankaganiza kuti apezapo poyanika zovala nthawi ya sinowo. Analemba m'madzi. Loweruka lililonse alamu anga ankayendera maokushoni a m'mafamu, n'kubwerako ndi zitsulo zadzimbiri zimene eni ake anazitaya kalekale. Choyamba chinali nkhuku yachitsulo, yoti ukaponya khobidi imatetera n'kuikira dzira lokhala ndi switi m'kati. Kenako panabwera mmalinyero woseka mpaka kugwedezeka mapewa, bokosi losuzumiramo lopukusa ndi dzanja mmene galu amathamangitsa wapolisi, ndi dzanja lachitsulo loyesa mphamvu. Dzanja limenelo ine linandiweruza kuti ndili ndi mphamvu za khanda, ndipo alamu anga nkhani imeneyi anaifalitsa mumpingo monse.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kotere: chitsulo chakale ngati chingathe kuwongoledwa, chatsopano sichilowapo. Sipuling'i ikathyoka ankapinda ina ndi manja awo. Utoto ankausakaniza mpaka ufanane ndi kachigamba kakale kotsalira pakona. Pakhomo pa besimenti pankakhala mbale ya makobidi akale, ana n'kumatapa mwaulere, chifukwa m'nyumba imeneyo munthu sanalipirepo kuti aseke. Ana athu obadwira kunowa, amene ukawafunsa m'Chichewa amakuyankha m'Chingerezi, kumeneko ankakuwa m'Chichewa chenicheni kuti agogo, nkhuku yaikira. Azungu a ku Oakville ankabwera pa galimoto zawo zazitalizitali kudzawapempha kuti awaukitsire makina a makolo awo. Ife zimenezi zinkatinyaditsa kwambiri, ndipo mpaka lero tikunyadira.

Tsopano ndafika pa nkhani imene nonse mukuidziwa, imene ena mumaganiza kuti ndiilumpha. Sindiilumpha ayi.

Mu 1974 anapeza m'khola la mahatchi bokosi lagalasi lalitali ngati munthu. M'kati mwake munali chidole cha mayi wovala duku ndi ndolo, mbewa zitamanga chisa pamiyendo pake. Anachikonza miyezi yambiri. Chitatha, ukaponya khobidi chifuwa chake chinkakwera n'kutsika ngati chikupuma, mutu n'kutembenuka, dzanja n'kuyenda pamwamba pa makhadi, kenako kakhadi kolembedwa mawu n'kugwera pansi. Azungu akale ankachiika m'malo a masewera kuti anthu azisekerapo. Pa Khirisimasi ya chaka chimenecho mpingo wonse unasonkhana kwa a Kamtedza, ndipo mayi Zelipa Mpando, amene andilola kutchula dzina lawo, anaponyamo khobidi mwamasewera. Kakhadi kawo kanati alandira uthenga wochokera kutali. Mu Januwale kunabwera telegalamu yoti mayi awo amwalira ku Mulanje.

Abale anga, ndani mwa ife kuno amene salandira uthenga wochokera kutali? Tonse makolo tinawasiya kutsidya kwa nyanja. Koma mtima wa munthu woferedwa suwerengera zimenezo, ndipo ifenso tonse tinakulira kumene ula si nkhani yosekera. Nkhani inamera miyendo. Kunamveka kuti a Kamtedza akusunga chidole choombeza, kuti chimapuma, kuti amachidyetsa. Choipitsitsa, ena mwa ife tomwe tinayamba kugogoda mwakachetechete kukhomo la kuseri, wina kufuna kudziwa za mapepala ake okhalira m'dziko muno, wina za mwamuna wake amene anasiya kulemba makalata. Onsewo malemu anawabweza, ena mowakalipira ndithu.

Mu Malichi 1975 akulu a mpingo anakhala pansi, nagamula kuti chidolecho chiwotchedwe pamaso pa mboni. Apo ayi, a Kamtedza atule pansi ukulu wa mpingo ndipo asayandikirenso gome la Mgonero. Tonse tinkadziwa chimene chimatsatira pamenepo mwa mwambo wathu: munthu akamwalira ali woimitsidwa, mpingo sumuimbira nyimbo pamaliro pake.

Alamu anga anayankha kuti sawotcha. Anati wowotcha chidole ndiye wavomereza kuti m'chidolemo muli mzimu, ndipo iwo bodza limenelo sangalinene pamaso pa Mulungu, pakuti m'menemo muli mawaya, magiya ndi mulu wa makhadi osindikizidwa ku fakitale. Anapempha akulu anzawo kuti abwere adzaone okha m'kati. A Lameck nawo anayankha kuti Mkhristu salowa m'nyumba ya maula kuti akatsimikize ngati ulawo ndi weniweni, ndipo analumbira pamaso pa anthu kuti phazi lawo silidzaponda masitepe a besimenti imeneyo. Pamenepo panakumana amuna awiri aliuma, ndipo ndikunena izi mowalemekeza onse.

Amene anasenza katundu yense ndi achemwali angawa. Anawadandaulira amuna awo kuti ngati kuwotcha kwavuta, achigulitse kwa mzungu wina wa ku Oakville amene ankachifuna. Anakana, amvekere kugulitsa mothawa n'chimodzimodzi kuwotcha. Anawapempha kuti m'malo mwa makhadiwo aikemo mavesi a m'Baibulo. Anakananso, amvekere Mawu a Mulungu si oponyera khobidi. Ine ndemwe ndinawauza kuti alamu, mutu wanuwu ndi wouma kuposa zitsulo zanuzi. Anandiyang'ana n'kundipempha kuti ndiwapatsire pulayala.

Choncho alamu anga anaimitsidwa, koma mpingo sanauthawe. Zaka zonsezi Lamulungu lililonse ankafika oyambirira, kuyala mipando, n'kukakhala kumbuyo kwenikweni. Tsiku la Mgonero mbale inkawadutsa, iwo manja ali pamaondo, mutu uli chilili. Mayi Vainess ankadya mkatewo misozi ili m'masaya. Chimene chinkawadya mtima sichinali manyazi ayi, koma kuganiza kuti tsiku lina adzaika amuna awo m'nthaka ya eni, kutali ndi abale, popanda ngakhale nyimbo imodzi.

M'mwezi wa Epulo chaka chino malemu anayamba kudandaula m'mimba. Madokotala a pachipatala chawo chomwecho anapeza khansa, ndipo mu Juni anawachita opaleshoni. Mu Sepitembala anatiuza kuti palibenso chochita, tipite nawo kunyumba. Atafika anakana kugona kuchipinda. Analamula kuti bedi litsitsidwe ku besimenti, pakati pa makina awo. Matendawa anawapeza atamasula chidole chija kuti achipukute, ndipo zitsulo zake zinali mbwee patebulo. Manja anali atayamba kunjenjemera moti ngakhale supuni inkawavuta. Ankati ululu angaupirire, koma kusiya chinthu chomwazikana sanachitepo chibadwire.

Apa ndi pamene a Lameck anapanikizika. Kwathu mkulu wa mpingo sangamve kuti mnzake ali kayakaya iye n'kukhala osakazonda matenda, kaya munthuyo ndi woimitsidwa kaya ayi. Koma wodwalayo anali pansi pa masitepe amene iwo analumbira kuti sadzapondapo. Tsiku lina masana kumayambiriro a mwezi uno anafika, Baibulo lili kukhwapa. Ine ndinalipo. Anaima pamwamba pa masitepewo nthawi yaitali, chipewa akuchizunguliza m'manja. Kenako anatsika.

Ine ndinkayembekeza mlandu, koma panalibe amene anakumbutsa zakale. Atatha kupemphera, malemu anangoloza patebulo n'kuwauza a Lameck kuti manja awo atha, awabwereke awo. A Lameck, amene tonse tikudziwa kuti ngakhale kusintha babu la magetsi amadikira akazi awo, anavula jekete n'kutenga sukuludiraiva. Anabweranso mawa lake, ndi mkuja wake, masana aliwonse akaweruka kuntchito. Wina ankaloza ali gone, wina n'kumamanga, kulakwitsa, kukalipiridwa, kumasula n'kuyambiranso. Chala chimene mwachiona chomangidwa bandejicho anachicheka ndi sipuling'i ya m'khosi mwa chidolecho. Makhadi aja a Lameck anawasanja okha ndi manja awo. Tsiku limene anamaliza, a Lameck anatapa khobidi m'mbale n'kuponyamo. Chidole chinapuma, chinatembenuza mutu, kakhadi kanagwa. Sanakawerenge. Anatsegula kumbuyo n'kukabwezera pamulu wa anzake, kenako anakhala pamphepete pa bedi, nagwira dzanja la mnzawo, amuna awiri akuluakulu n'kulira ngati ana.

A Lameck anaitanitsa msonkhano wa akulu kuti nkhaniyi ionedwenso, ndipo tsiku lake linali mawa, Lamulungu pa 28 Okutobala. Malemu sanafikeko. Anatisiya Lachitatu pa 24 Okutobala 1979, dzuwa likupendeka, akazi awo ndi ana ali pambali pawo. Anamwalira ali ndi zaka 55, dzina lawo likadali pa oimitsidwa. N'chifukwa chake amene munabwera kusiwa munapeza nyumba ili zii. Achemwali anga sanapemphe kanthu kwa aliyense, chifukwa amuna awo sanapemphepo.

Malemu asiya akazi awo mayi Vainess Kamtedza, ana atatu, Medson, Naomi ndi Mercy, zidzukulu zinayi, ndi alongo awo awiri ku Ntcheu, amene uthenga wawafika. Makina onse anawasiya m'manja mwa Naomi, amene anatengera manja a bambo ake, ndipo anati khomo likhale lotsegula kwa ana a mpingo monga kale.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamala ngati m'bale wawo. Ndikuthokoza amayi a mpingo amene mwakhala mukusinthana kuphika ndi kuchezera wodwala, makamaka mayi Zelipa, amene sanajombe ngakhale sabata imodzi. Ndikuthokoza anzathu a ku Zambia, anansi a ku Markham, ndi eni holo ino. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Mawu otsiriza ndi a kwa inu, achemwali. Izi simunazimve, chifukwa inenso ndauzidwa pakhomo apo tikulowetsa bokosi. Akulu a mpingo anena kuti sadikiranso msonkhano wa mawa. Akumana m'mawa uno ataimirira panja pozizirapo, ndipo agwirizana onse popanda wotsutsa. Amuna anu akupita kumanda ali mkulu wa mpingo. Ine ndikangokhala pansi, a Lameck ndiwo aimirire kuyambitsa nyimbo.

Alamu anga, a Kamtedza, simunaname kuti mugule mtendere, ndipo mtenderewo wakupezani. Mzimu wanu uuse mumtendere.