Ndinapempha Mulungu kuti mwana wanga amve kuwawa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse. Yewu, yewu. Atonga anzanga mundikhululukire, ndalemba m'Chichewa kuti aphunzitsi athu ndi alendo ochokera kumwera amve nawo.

Ndine mayi wa ana asanu, wa konkuno ku Kande. Umboni wanga ndi wa mwana wanga woyamba, Jesi.

Nthawi imeneyo bambo ake anali ku Joni, ndiye ndinkadalira Jesi, ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Mwana wosadandaula! Kukumba chinangwa, Jesi. Kulowa m'dziwe kukavuula chinangwa choviika, Jesi. Kutembenuza nsomba pa waya wamoto, Jesi, ndi manja okha. Ndinkanyada, abale. Ndinkati Mulungu wandipatsa mwana wolimba mtima.

Kenaka bala linatuluka kuphazi, pansi pa chala chachikulu. Chomwe chinamubaya sitikuchidziwa. Ine ndinangoona magazi pamphasa.

Ndinapita naye kukachipatala kathu. Kunali bambo wotsuka mabala. Odwala ankandanda, aliyense n'kuika mwendo pabokosi. Bamboyo ankatsuka, kupaka mankhwala, kumanga, wina abwere. Bala la Jesi ankalidziwa bwino, koma nkhope yake sindikhulupirira kuti anaiyang'anapo. Akamapala balalo, Jesi ankangoyang'ana kudenga. Bamboyo n'kumaseka anthu pamzere: "Inu madoda athunthu mumalira ngati mbuzi. Taonani kamtsikana aka!"

Ngakhale kumagule a chipani, amayi apampando ankamuika kutsogolo. "Ena mukuti mutu, mutu. Uyu akuvina ndi bala!" Ine n'kumawomba m'manja. Ine mayi wake!

Mvula inabwera n'kupita, bala osapola. Linakula. Linayamba kununkha. Ang'ono ake anasiya kugona naye pamphasa imodzi. Ndinapaka masamba, ndinapaka phulusa, ndinapemphera. Palibe. Tsiku lina bambo uja anati, "Mayi, ili landikanika. Mwezi ukatha mupite naye ku boma. Mwina akadula."

Akadula! Ndinatuluka n'kukhala pansi pa mtengo wa mango. Ndinafuna kupemphera, mawu osabwera. Kalata yopita ku Joni inkatenga milungu. Ndikanatani ine? Ndinkangowerenga masiku otsala, n'kumayang'ana phazi la mwana wanga.

Sabata yotsatira tinapeza namwino watsopano, Mayi Nambewe, ochokera ku Dedza. Jesi anaika mwendo pabokosi monga mwa masiku onse. Iwo anati, "Tsitsa kaye, mwanawe. Khala apa." Anayamba mafunso. Amadya chiyani? Amagona bwino? Amagwira ntchito zanji? Kuchokera kwanu amayenda mtunda wotani? Nsapato ali nazo? Pakhomo mumakhala ndi ndani?

Ndinatopa nazo. Ndinati, "Anesi, bala lili kuphazi."

Anati, "Ndaliona, mayi. Koma phazili silinabwere lokha."

Anatenga manja a Jesi n'kuwatembenuza. Zipsera zokhazokha. "Izi n'za chiyani?"

Ndinayankha monyada, "Moto wa nsomba. Koma salira ameneyu."

"Salira?" Kenaka anapota kathonje. "Jesi, tsinzina. Ndikakukhudza uziti apa."

Patsaya. "Apa." Pamkono. "Apa." Pazala, mwina apa, mwina zii. Anatsikira kuphazi. Anakhudza chidendene, anakhudza m'mbali mwa bala, anakhudza zala zonse. Mwana wanga ali chitsinzinire anati, "Anesi, yambanitu."

Abale anga, mpaka lero mawu amenewo ndimawamva.

Anamuvula bulauzi kuseri kwa nsalu. Kumsana kunali mawanga otuwa atatu. Ine ndinali nditawaona kale, ndinkati ndi chipere. Anesi ananditengera pambali. "Mayi, mwanayu si kuti ndi wolimba mtima. Sakumva. Ili ndi khate."

Chipsera chilichonse cha m'manja muja ndinachikumbukira. Ndine ndinkamutuma. Ndine! Ntchito zonse za moto ndi minga ndinkapatsa yemwe sankamva. Ndinalira mpaka anthu a pamzere anadzasuzumira pawindo.

Anesi anandisiya ndilire. Ndiye anati, "Mapiritsi alipo, nthendayi imatha. Phazi tikhoza kulipulumutsa. Koma tandiuzani zoona, akamva kunyumba, ndani amuthamangitse?"

Ndinati, "Apongozi anga."

Sindinaname. Pofika Loweruka apongozi anali atamupatula mbale ndi kapu, atayamba kudulitsa mitengo ya kakhumbi kuseri kwa munda. Ankati, "Ife kwathu kulibe zimenezi. Akakhale yekha." Ine mtengwa chabe, mphamvu zowaletsa ndinalibe.

Masana a Loweruka lomwelo anesi anafika panjinga, thukuta lili kamukamu. Anapereka moni kwa apongozi atagwada. Kenaka anati, "Jesi, ndipatseko madzi. Ayi, m'kapu yakoyo." Anamwa onse. Apongozi anagwira pakamwa.

Anesi anati, "Gogo, wayamba kale mapiritsi. Mukamuika kutchire, adzapsa ndi moto osadziwa, ndipo phazilo lidzapita. Akufunika maso a anthu."

Apongozi anang'ung'udza m'Chitonga kuti ana a sukulu awa sadziwa mantha. Koma mitengo ija tinakolezera moto.

Anesi anayeza ana onse ndi kathonje kaja. Anapita kukaona dziwe la chinangwa, n'kuletsa kuti Jesi asalowemonso. Magule analetsanso, analemba okha kalata kwa amayi apampando. Anati nsomba tisamagulitse zonse, mwana adye. Anatilozera munthu wosoka nsapato za matayala, zofewa m'kati. Kwa ine anati, "Popeza phazi lake silimuuza kanthu, muzimuuza ndinu. Tsiku lililonse muziliyang'ana."

Sizinathe msanga. Chala chimodzi cha kuphazi chinapita. Mapiritsi anamwa zaka. Ndipo pemphero langa linasintha. Amayi ena amapempha kuti ana awo asamve kuwawa. Ine ndinkagwada n'kumati, "Ambuye, mwana wanga amve kuwawa. Mubwezereni kuwawa."

Tsiku lina m'mawa Jesi akusoka diresi pakhonde, ndinangomva, "Mayo! Ama!" Singano inali itamubaya pachala. Analira misozi yeniyeni. Ine ndinataya mtsuko, ndinalulutira, ndinavina pabwalo. Anansi anathamanga poganiza kuti bambo ake abwera.

Lero Jesi ndi mayi wa ana awiri, amasoka zovala ku Chintheche. Manja amamva. Phazi lija silinabwerere kumva, koma ndi lake, amayendera. Ali pomwepo, benchi yachitatu, wavala nsapato zakuda.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatitumizira munthu woyang'ana mwana yense. Ndikuthokoza Mayi Nambewe kulikonse ali. Ndipo alongo anga, mwana wanu akapanda kulira, musafulumire kuwomba m'manja ngati ine.

Jesi, tikatuluka muno usathawe. Uvule nsapatoyo ndione.

Ambuye alemekezeke. Amen.