Leonor Ayendera Shapa ya Amalume Ake

Pokwerera magalimoto pa Tsangano shapa siyendera wotchi, imanyamuka ikadzaza, ndipo m'mawa umenewo minibasi ya a Jordão inali itatsala mpando umodzi kuti tiuyambe wa ku Tete. Mpandowo unali wa Leonor, mwana wa malemu mlongo wawo, amene anaima pakhomo ndi pepala la bolsa, chithandizo cholipirira sukulu yoyendetsa ndege, lofunika kufika ku ofesi ku Tete tsiku lomwelo amalume atachonga sukulu imodzi mwa ziwiri n'kusaina.

Ine ndinali kumbuyo ndi thumba la nyemba pamiyendo, ndiye ndinamva zonse. Ndikuuzeni za Leonor: ukamufunsa kuti wadzuka bwanji, amakufotokozeradi mmene wadzukira.

"Chongani apa, amalume, musaine apa."

"Apa ndi kuti?"

"Ku Joni."

"Nanga pamwambapa?"

"Ku Maputo."

"Pronto, Maputo," anatero a Jordão, akufunafuna cholembera m'thumba la malaya. "Kumeneko ndikhoza kukutumizira mbatatesi. Ku Joni mbatatesi zimafuna pasaporte."

"Sizifuna pasaporte. Zimafuna chikalata cha a zaulimi."

Anabweza pepala pachifuwa n'kufotokoza, mwina kachisanu sabata imeneyo, kuti sukulu ya ku Maputo imene anaipeza ili ndi ndege zochepa ndipo ophunzira amadikirirana, pamene ya ku Joni imalemba ntchito ena mwa omaliza ake. Nkhani yonse, iye anati, ndi ya maola.

"Karta, chiphaso choyendetsera ndege, imafuna duzentas horas, maola mazana awiri mumlengalenga. Koma makampani ambiri salemba munthu wosafika mazana asanu."

"Atatu enawo umawatenga kuti?"

"Pantchito."

"Ntchito yomwe sakupatsa ngati ulibe maola."

"Sim."

"Epa." A Jordão anatembenukira kwa ife apaulendo, ngati ndife tinakonza zimenezo. "Ophunzira onsewo akanika kanthu kamene ife tinakathetsa kalekale. Munthu amayamba ukobradori. Uitanire anthu, utsuke galimoto, uisunthe pang'ono mwini wake akudya. Tsiku lina iye wadwala malungo, iwe wagwira chiwongolero. Ine ndinaphunzira choncho ku Ntcheu nthawi ya nkhondo."

"Ndege ilibe kobradori."

"Amaitanira anthu ndani?"

"Amabwera okha."

"Ikapanda kudzaza?"

"Imanyamukabe, nthawi ikakwana."

"Mwamva? N'chifukwa chake ntchito kulibe."

Apa ndi pamene anatulutsa maganizo awo enieni. Maputonso aiwalidwe kaye, mtsikanayo akhale kobradori wawo zaka ziwiri, Tsangano mpaka Tete, kupita ndi kubwera, maola achuluke mpaka kutayikira, iwo adzamulembera kalata yaumboni.

"Maola a pansi sawerengedwa, amalume."

"Msewu wa kunowu theka la ulendo matayala sakhudza pansi."

"Amakhudza. Limodzi lokha lakumbuyo ndi limene limadumpha, lakumanzere."

Mayi Modesta, amene anakhala pamwamba penipeni pa tayala limenelo, anasuzumira pawindo.

"Chabwino," anatero a Jordão. "Ntchito yoyamba ku Joniko ndi yotani?"

"Kuphunzitsa ena."

"Iwe?"

"Ine, nditachita mayeso ena."

"Dzulo wophunzira, lero mphunzitsi. Ndiye amene anakuphunzitsa iweyo?"

"Nayenso anamaliza chaka chatha."

"Kodi kumeneko alipo mmodzi amene amadziwa kuyendetsa?"

"Odziwawo anapita ku ndege zazikulu."

A Jordão anavula chipewa, kuyang'ana m'kati mwake, n'kuchivalanso. Anafunsa ngati palibe ntchito ina ya anthu abwinobwino. Leonor anati ilipo yowerenga njovu kuchokera mumlengalenga, ndi ina yonyamula anthu odumpha ndi parashuti.

"Odumpha kuti?"

"Pandege. Ukafika pamwamba amatsegula chitseko n'kudumpha."

"Onse?"

"Onse. Umabwerera wekha."

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndikuyendetsa, palibe anandidumphira m'galimoto ikuyenda. Iwe ukufuna ukawoloke malire kukaphunzira kuthawidwa ndi apaulendo."

"Mmodzi anadumpha, amalume. Pa Ntengo-Wambalame, chaka chija utsi unalowa m'kati."

"Ameneyo anali atafika kwawo."

Tinaseka, koma ife a pa Tsangano tinkadziwa chimene chinkawavuta. Mwanayo anamutenga ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, pobwera kumaliro a mlongo wawo, ndipo anakulira pampando wapakati, pambali pa giya, akuwerenga zikwangwani zonse za m'msewu mokweza. A Jordão ankamukonda kwambiri ndipo ankachita mantha kuti akapita kutali sadzabweranso. Koma mwamuna wa chipewa chotere sanganene zimenezo pamaso pa anthu khumi ndi asanu, ndiye ankangolimbana ndi sukuluyo.

Dzuwa linakwera. Kutsidya kwa msewu, shapa ya a José, opikisana nawo, inali ndi anthu atatu okha, ndipo a José ankatokosa m'mano mosataya mtima.

"Amaphunzitsanso zotani?" anafunsa a Jordão.

"Zoti uchite injini ikazima. Mphunzitsi amaichepetsa dala muli pamwamba, ngati yazimadi."

"Eya, pamenepo pali nzeru. Kusunga mafuta. Inenso potsetsereka ndimazimitsa."

"Si za mafuta. Komanso mukazimitsa mabuleki amalimba, ndi chifukwa chake mumaponda ndi miyendo yonse iwiri."

Akatekisita amene anakhala kutsogolo anatseka buku lawo pang'onopang'ono.

"Iwe, usandiphunzitse ntchito. Tsiku loyamba amayamba ndi chiyani?"

"Kuyendera ndege usanakwere. Umaizungulira yonse, kugwira chilichonse, n'kunena mokweza chimene waona."

"Basi? Ulendo wonse wa ku Joni kukaphunzira kuzungulira?" Anamenya denga la minibasi ndi chikhatho. "Zungulira iyi. Ukapeza chinthu chimodzi chimene ine sindikuchidziwa, ndisaina Joni wakoyo. Ukalephera, mawa ukuyamba ukobradori."

"Zonse mukuzidziwa, amalume."

"Wayamba kale kuopa. Zungulira."

"Mokweza?"

"Mmene buku lako la ndege likunenera."

Leonor anapinda pepala, kuliika m'thumba, n'kugwada pa tayala lakutsogolo. Mawu ake anali a munthu wowerenga zilengezo m'tchalitchi.

"Tayala lakutsogolo kumanja, mawaya akuoneka."

"Ndikudziwa. Mawayawo ndi amene amalimbitsa."

"Chitseko cha apaulendo, chamangidwa ndi chingwe cha mphira."

"Ndinamanga ndine."

"Tayala lakumbuyo kumanzere, manati atatu, malo ndi a asanu ndi limodzi."

"Enawo akuthandiza kutsogolo. Ndikudziwa."

Anagona chagada m'fumbi, kulowa pansi mpaka m'chiuno, n'kutuluka chala chili chonyowa. Anachinunkhiza.

"Paipi ya mabuleki ikudontha."

"Imatuluka thukuta kukatentha."

"Chikudonthacho si mafuta a mabuleki. Ndi madzi a sopo."

"Ndikudziwa, ndinathira ndekha dzulo. Sopo wabwino, si wamba."

Akatekisita anakumbukira mwadzidzidzi kuti aiwala kanthu kunyumba. Anatsika mwaulemu, kutsanzika, n'kuwoloka msewu molunjika kwa a José, ngakhale tonse tinkadziwa kuti kwawo n'kumtunda.

Leonor sanaone zimenezo. Anali atafika pa kulemera, chimene bukulo limati chimapha anthu ambiri mwakachetechete. Anawerenga matumba a mbatatesi amene anapanikizidwa pansi pa mipando ndi kumbuyo, anapeza khumi ndi limodzi, kenako analowetsa mutu pawindo.

"Mayi Modesta, pepani, mumalemera makilo angati?"

"Iwe mwana, unaleredwa ndi ndani?"

"Ndi amalumewa. Ndikufunsa chifukwa mwakhala pa tayala la manati atatu."

Mayi Modesta anatsika ndi dengu lawo, nkhuku ziwiri ndi ana atatu amene mpaka nthawi imeneyo ndinkayesa kuti ndi katundu. Pambuyo pawo panatsika aphunzitsi awiri, kenako mkamwini wina wa ku Furancungo amene ananena kuti akufuna kungowongola miyendo, n'kukaiwongolera kwa a José. Ine ndinalimba mtima mpaka Leonor atagwedeza mpando wanga n'kulengeza kuti wangokhazikidwa pa njerwa. Si mantha ayi, koma nyemba zanga zinali za mbewu.

A Jordão ankayankhabe, maso ali pa mtsikanayo. Galasi losweka ankalidziwa. Nyali yosayaka ankaidziwa, ndipo sayenda usiku. Chigubu cha petulo chimene chinali pansi pa mpando wa ana ankachidziwa bwino kwambiri.

"Ndamaliza," anatero Leonor, akusasa fumbi pa siketi. "Ikanakhala ndege, sikanauluka."

"Koma wapeza chimene sindikuchidziwa?"

"Ayi."

"Chimodzi chokha?"

"Palibe. Mwapambana, amalume."

Ine ndinamumvera chisoni, chifukwa bolsa imeneyo anaidikira zaka zitatu ndipo sikanabweranso. Koma Leonor sadziwa kuzemba pangano. A Jordão anatembenuka monyada kuti alandire kuwomba m'manja kwa apaulendo awo, n'kupeza m'minibasi mwatsala matumba a mbatatesi okha. Tonse tinali titapanikizana mwa a José, tikuyang'ana ndi kumvetsera pamawindo, ndipo a José anali ataliza kale injini. Mpando umodzi unali utatsala.

A Jordão analoza kutsidya kwa msewu.

"Pita ukayenderenso ya José-yo. Mokweza."

"Ndaiyendera kale m'mawa. Galasi limodzi lapindika, basi." Anatulutsa pepala lija, kuliyang'ana, n'kulipindanso. "Mawa ndifike nthawi yanji? Ndiyenera kufika msanga kuti ndiziyamba ndayendera anthu atakhala kale, azimva."

"Kuyendera chiyani?"

"Shapa. Bukulo likuti ulendo uliwonse."

"Uliwonse."

"Popita ndi pobwera. Ku Tetenso, pokwerera paja pamene pamaima apolisi."

"Zaka ziwiri."

"Munatero ndinu."

A Jordão anayang'ana tayala la manati atatu, kenako matumba a mbatatesi, amene sanalipire ulendo ndipo sakanatha kuthawa. A José analiza hutala.

"Ukakhala ku Maputo, tchuthi uzibwera?"

"Kawiri pachaka. Ndizidzakuthandizani kuyendera."

"Ku Joni?"

"Mwina pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. N'kutali, amalume."

Anamulanda pepalalo, kulitsamiritsa pa chitseko cha chingwe cha mphira, n'kuchonga Joni mwamphamvu mpaka cholembera chinaboola. Anasaina, kumukankhira mtsikanayo kumsewu kuti athamangire mpando wotsalawo, n'kupukuta m'maso ndi chipewa ngati mwalowa fumbi. Leonor atafika pakhomo pa shapa ya a José, tinawamva akumuitana.

"Leonor! Ukafika ku ofesiko ukafunse bwinobwino, mwina ilipo ina yopitirira Joni."