Achemwali Asapite ndi Mlandu wa Wina

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1977, achiwiri m'banja la ana asanu. Ine ndayima pano ndine mlongo wawo, amene ndinawaponda pamutu. Akubanja andichenjeza kuti ndiwerenge zokhazo zili papepala, poti amaudziwa mtima wanga wapachala. Ndiyesetsa, koma pali nkhani ya dzina la achemwali athu imene sitingaikwirire pamodzi ndi bokosi ili.

Anayamba sukulu mu 1984, ndipo mu 1999 anamaliza maphunziro okonza makompyuta. Mu 2002 anamanga banja ndi alamu athu, aphunzitsi, amene akhala apo. Mu 2004 analowa ntchito pa kampani yogawa mankhwala m'zipatala. Zaka zonsezo ankakwawa kunsi kwa madesiki a anthu kulumikiza mawaya, pobwera kunyumba fumbi lili mbuu ngati achokera kuchigayo.

Mu 2019 mpando wa mkulu woyang'anira za makompyuta unasowa munthu. Anafunsira, anawakana. Ati sadziwa SQL, chilankhulo chofunsira nkhokwe ya mukompyuta, momwe kampani imasunga zipatala zonse ndi mankhwala omwe zaitanitsa. Achemwali sanakhale pansi kulira. Analembetsa kosi, imvi zitayamba kale, magalasi ali pamphuno. Tikapita kukacheza, tiyi ankazizira m'makapu iwo akutionetsa momwe funso limodzi lolembedwa bwino limatulutsira zimene ofesi yonse inkasaka sabata yathunthu. Ine woyendetsa lole ndinkangogwedeza mutu ngati ndikumva. Mu 2022 anakhoza, ndipo anawapatsa mpando uja mogwirizira, ati awaone kaye.

Malemu sankadziwa kumana. Masana ankaphunzitsa anzawo a muofesi, kompyuta yawo n'kuisiya yotsekula kuti wofuna ayeserepo. Lamulo lawo linali limodzi: woyesera agwire nkhokwe yoyeserera, yeniyeniyo asaiyandikire. Mu Malichi chaka chino, iwo ali pamsonkhano, mmodzi mwa ophunzirawo anasokoneza nkhokwe ziwirizo. Analamula kompyuta kuti ifufute, osaiuza mzere woti ifufutewo. Inasesa zonse psiti. Zipatala zinakhala masiku osalandira mankhwala. Poti kompyuta inali ya achemwali, mlandu unagwera iwo. Anawaimitsa ntchito, pakhoma la ofesi n'kumatapo chidziwitso chowatchula kuti ndi wantchito wosasamala. Wolakwayo ankamudziwa, koma anakana kumutchula. Ankati anamuitana okha kuti adzaphunzire, sangamupereke. Ndinakangana nawo kwambiri pa nkhani imeneyi, sanandimvere.

Mu Meyi magazi anathamanga, anagwa kubafa, ndipo anawagoneka m'chipatala mbali imodzi itafa. Mu Juni wophunzira uja anapita yekha kwa abwana kukaulula, kenako anabwera kuchipatala kudzatiuza akulira. Ameneyo sitimusungira chakukhosi, ali pano ndipo asaope. Abwana anati tidikire akuluakulu a kampani akumane. Tinadikira. Achemwali atayambanso kulankhula, movutikira choncho, funso lawo linali limodzi lomwelo, ngati pepala lija lachotsedwa pakhoma. Anatisiya Lachiwiri pa 15 Julaye, pepalalo likadali pomwepo. Dzulo ndinadutsako ndekha, ndaliona ndi maso angawa, ndipo zikundiwawa.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, mdzukulu mmodzi, ndi mayi athu okalamba, amene sitinawauze zonsezi mpaka lero. Tikuthokoza anamwino amene ankawatembenuza pabedi mosanyinyirika, a mpingo, aneba amene atigwira mkono chiyambire, ndi anzawo a kuntchito amene abwera mwa iwo okha. Mulungu abwezere pomwe mwachotsa.

Abwana, nkhata yanu taiona, ndi yokongola ndithu. Koma wolankhula pambuyo panga ndinu. Ana atatu awa akhala akumva m'misewu kuti mayi awo anamanitsa odwala mankhwala, pomwe inu choona mukuchidziwa kuyambira Juni. Mawu amene tikufuna ndi ochepa, ndipo bokosi ili silinyamulidwa tisanawamve.

Achemwali, mzimu wanu uuse mumtendere. Mwagwira ntchito, mwatopa. Ife tiyima pompano mpaka dzina lanu liyere.

Abwana, bwerani kutsogolo kuno.