Lipenga la a Dickson ndi Mbale za Matemba

Basi itachedwa pa siteji ya Namitambo, a Dickson anatulutsa lipenga lawo latsopano m'chikwama n'kumalipukuta ndi mkono wa malaya. Mayi wina wosamudziwa, amene anakhalira thumba la nandolo, anawayang'anitsitsa.

"Bambo, limeneli limalira?"

"Limalira, mayi. Ndaligula dzana ku Limbe. Mwana wanga Doreen akukwatiwa Loweruka, ndiye ndimafuna ndidzamulizire potuluka m'tchalitchi."

"Taliyesani timve."

"Ayi, manyazi andikwana. Dzulo m'mawa nditangoyesa kuseri kwa nyumba, amayi a m'mudzi monse anatuluka ndi mbale. Ankayesa ndi wanjinga uja amaliza hutala pogulitsa matemba."

"Kani munali inu? Inetu ndimakhala kutsidya kwa mtsinje, koma ndinathamanga mpaka kumsewu, mbale ili m'manja."

"Pepani, mayi. Basi ndingolisunga, ndingamuchititse manyazi mwanayu."

"Musatero. Alipo abambo angati amene amaphunzira lipenga chifukwa cha mwana wamkazi? Loweruka mudzalize chomwecho. Palibe adzatsale m'nyumba, ukwatiwo udzadzaza, ndipo aliyense adzabwera ndi mbale yake."