Kavalo wa amalume anadza yekha

Anzanga omvera, amene akane nkhani iyi abwere ku Mongue adzafunse, ngakhale mbuzi zikuidziwa!

Titangobwerako ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi, amalume anagula kavalo wamng'ono woti azinyamula katundu, poti misewu inali maenje okhaokha. Koma chilombocho sichinkafuna chingwe.

"Mphwanga, ukalephera kumumanga ndimugulitsa, ntchito yoyenda naye uiwale," anatero amalume.

Ndinamuthamangitsa m'kholamo mpaka fumbi linaphimba phiri la Tumbine! Ndikamuyandikira, makutu ankagona kumbuyo, mwendo uli m'mwamba. Kenako ndinamufulatira n'kuima duu. Abale inu, ndinangomva mpweya wofunda pakhosi! Kavalo uja wabwera yekha, akundinunkhiza. Ndikasuntha, nayenso akusuntha. Chingwe chinalowa ngati mkanda wa mkwatibwi.

"Nzeru imeneyi waitenga kuti?" amalume anakuwa uku akuvina.

"Epa, amalume, ndinabadwa nayo!"

Choncho kavalo musamamuthamangitse, mufulatireni, abwera yekha. Koma inu a pawailesi, apa muwerenge motsitsa mawu. Panalibe nzeru ayi. Ndinali nditagonja, ndikulira mamina ali chuchuchu, ndiye ndinkabisa nkhope kuti atsikana amene ankaonerera pampanda asandione.