Mphira Yaifupi ndi Kanyumba ka Mavu

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse, ondidziwa ndi ongondimva lero. Ine ndine Wadisoni, dalaivala wa pa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo. Ndikufuna ndikuuzeni za dzinja limene ndinatsala pang'ono kuponyedwa pamsewu ndi mkazi wanga ndi ana, chifukwa cha lilime la munthu mmodzi ndi kachidutswa ka mphira kosaposa chibakera changachi. Ndikamaikumbukira nkhaniyi mtima umawirabe, ndipo sindikubisirani.

Zinali m'zaka za Chitaganya. Makolo anga anabwera wapansi kuchokera kwa Apwitikizi, anathyola tiyi mpaka misana inapindika, ndipo anaikidwa m'manda a pa esiteti pomwepo. Ine ndinalibe mudzi wobwererako. Kwathu kunali nyumba ya kampani ndi kadimba ka kuseri kumene mayi a Feliya, mkazi wanga, ankadzala nandolo. Lamulo linali lodziwika kwa aliyense: ntchito ikatha, nyumba yathanso, ndipo alonda amabwera kudzatulutsa mphasa ndi miphika panja.

Mzungu amene ndinkamuyendetsa tinkamutchula kuti Bwana Ndanena, chifukwa nkhani iliyonse ankaitseka ndi mawu amenewo. Anali ndi kagalimoto kolimba koyendera misewu ya m'thengo, ndipo tinkapita nako ku Thekerani kukagula chimanga cha phoso la antchito. Mvula ikayamba, msewu wopitirira Masambanjati unkasanduka phala, ndipo mimba ya galimoto inkangokhala pansi m'matope. Tsiku lina titakankha mpaka thukuta, bwana anapsa mtima n'kulamula kuti galimoto ikwezedwe. Anati awonjezere masipuling'i kumbuyo ndi kutsogolo, ndipo avekenso matayala aakulu. Nzeru imeneyi inali yake yake, ndipo ankainyadira ngati mwana wake woyamba.

Amene anagwira ntchitoyo anali a Fulaye, makaniko wamkulu wa galaja yathu. Munthu ameneyu ankaseka nawe m'maso, koma mtima wake unali kwina. Anali ndi mlamu wawo amene anaphunzira kuyendetsa galimoto ku Luchenza n'kumangokhala wopanda ntchito, ndipo mpando wanga a Fulaye anauyang'ana kalekale kuti ukhale wa mlamuyo.

Tsono mumve bwino apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Pansi pa galimoto, pamwamba pa chitsulo cholumikiza mawilo a kumbuyo, pamakhala timphira tiwiri, kena uku kena uko. Galimoto ikalowa m'dzenje, chitsulocho chimakwera n'kugunda pamphirapo, n'kuima tayala lisanafike pa madigadi, lata lija lophimba tayala pamwamba. Ukakweza galimoto n'kuika matayala aakulu, timphira timeneti timafunika kutalikitsidwa. A Fulaye anatisiya tili tatifupi momwemo. Ine sindinkadziwa chilichonse cha izi, popeza m'galaja mwawo dalaivala sankaloledwa kugwira ngakhale sipanala.

Ulendo woyamba wa ku Thekerani galimoto inadutsa matope onse, bwana akuimba mluzu. Koma pobwerera, titasenza matumba, dzenje lililonse ndinkamva kukhula kumbuyo. Tinafika tayala limodzi litang'ambika m'mbali. Ulendo wotsatira linapita linzake. Masiku amenewo matayala anali osowa, ankachita kuitanitsidwa ku Limbe n'kudikira, ndipo bwana anayamba kundiyang'ana ndi diso loipa.

Apo ndi pamene a Fulaye anapeza khomo. Anakauza bwana kuti maulendo amene amandituma ndekha ndimakweza amayi ndi madengu a nthochi ku Masambanjati, mbuzi ndi zina zotero, ndipo kulemera kwake ndiko kukupha matayala. Umboni wawo unali khoko la nthochi limene anatola kumbuyo kwa galimoto. Nthochi imeneyo ndinadya ndine, nditagula ndekha, njala itandipweteka panjira. Analinyamula khokolo ndi zala ziwiri mpaka ku ofesi, nkhope ili yachisoni ngati akupita kumaliro. Munthu wamkulu, wa imvi zake, kunyamula khoko la nthochi kuti akaphe nalo banja la mnzake!

Mungafunse kuti bwanji sindinanene zoona. Inu amene simunagwire ntchito pa esiteti nthawi imeneyo simungamvetse. Munthu wakuda sankauza mzungu kuti nzeru yake yalakwika. M'galaja monse ankanong'onezana kuti vuto layamba galimoto itakwezedwa, koma bwana akalowa onse ankangoti inde bwana, chipewa chili m'manja. Ine ndinayesa. Ndinati, "Bwana, chikwezereni galimotoyi kumbuyo kukumveka..." Sanandilole kumaliza.

"Galimoto ili bwino. Woipa ndi iwe. Mwezi ukatha, tuluka m'nyumba. Ndanena!"

Anandilanda makiyi n'kundipatsa ndowa ndi chisanza kuti ndizitsuka magalimoto mpaka mwezi uthe. Anthu amene ndinkawakweza akadwala anayamba kundidutsa ngati chitsa. Ena a mpingo omwe tinkaimba nawo kwaya ankati, "Tikukupemphererani," mapazi akuloza kwina kuopa kuti kapitawo angawaone ali nane. Mayi a Feliya anayamba kumanga mitolo osadziwa kopita nayo. Mwana wathu Feliya anandifunsa ngati agogo ake a m'manda tiwasiya okha, ndipo ndinangotuluka panja.

Koma chimene chinandibaya koposa ndi ichi. Masana ena anabwera mkazi wa mlamu uja wa a Fulaye, osaodira n'komwe. Anazungulira nyumba yathu, akuyang'ana denga, akugogoda zipupa, ife tili pomwepo. Atafika kuseri anaona nandolo atachita maluwa, n'kuuza mkazi wanga kuti, "Amayi, pochoka musazule nandoloyutu. Ana anga amamukonda zedi." Mkazi wanga analowa m'nyumba, ndipo ndinamumva akulira chapansipansi kuti ana asamve.

M'mawa mwake ndisanapite ku galaja ndinalowa m'nkhalango ya bulugamu n'kugwada. Pemphero langa silinali lokongola, abale anga. Ndinati, "Ambuye, lero musandiuze zokhululuka, sindingathe. Inu mukudziwa kuti sindinabe. Pakamwa panga atseka, ndipo palibe munthu amene angandilankhulire. Ngati muli ndi mboni kwina kwake, itumizeni, chifukwa ine ndatha." Ndinadzuka mawondo ali matope, mtima uli wouma, osamva yankho lililonse.

Tsiku lomwelo anandiuza kuti nditsuke galimoto ija bwinobwino mpaka pansi, chifukwa matayala atsopano anali atafika ndipo mlamu uja ayamba kuiyendetsa. Tangoganizani, kumtsukira mdani wako mpando umene wakulanda. Ndinakwawira pansi ndi chisanza, mano ndikukukuta. Nditatambasula dzanja kumbuyo kwa wilo, chinachake chinandibaya pansi pa diso ngati singano yamoto. Ndinakuwa kwambiri moti bwana, amene anali pakhonde la ofesi, anathamanga poganiza kuti galimoto yandigwera.

Ananditulutsa pondikoka mwendo. Ndinaloza pansipo n'kuti, "Mavu, bwana." Iye anagwada kuti aone, ndipo ine ndinasuzumira ndi diso limodzi lotsalalo. Kunsi kwa kamodzi mwa timphira tija, malo enieni amene chitsulo chimayenera kugunda, mavu aja omanga ndi dothi anali atamata kanyumba kawo. Kanali kouma gwa, kathunthu, kopanda mng'alu ngakhale umodzi.

Bwana anandifunsa kuti kanyumbako kakhala nthawi yaitali bwanji. Ndinamuuza zimene ndinkadziwa basi, zoti mavuwo ndinayamba kuwaona akulowa pansi pa galimoto itangokwezedwa kumene, nthawi zonse ndikaimika pamthunzi masana. Bwana anakhala chogwada, akuyang'ana kanyumbako, kenaka anapisa dzanja m'kati mwa madigadi n'kulitulutsa lili bii ndi mphira ya tayala. Maenje onse a ku Thekerani, matumba onse a chimanga, chitsulo sichinagundepo pamphira paja ngakhale kamodzi, apo ayi kanyumba kadothi kakanaphwanyika. Tayala ndilo linkayamba kufika pa madigadi n'kumachekeka. Ine sindinamuuze, ndipo sindikanatha. Anaona yekha, ndipo khosi lake linafiira.

Anaitanitsa a Fulaye n'kuwalozera pansipo. A Fulaye sanawerame n'komwe kuti aone. Anavula chipewa n'kunena mofatsa kuti, "Bwana, inu munanena masipuling'i ndi matayala. Za mphirazo simunanene ayi."

Abale anga, pamenepo ndinazindikira zonse. Munthuyu ankadziwa. Kuyambira tsiku limene anamanga bawuti yomaliza ankadziwa chimene chidzadye matayala, ndipo anakhala chete kudikira kuti chidye ine.

Kukonza kwake mukudziwa kunali chiyani? Anatola tayala lakutha la lole kudzala, n'kudulako zidutswa zochindikala. Kalipentala anasema timatabwa tiwiri ta m'bawa. Anasanja zimenezi pamwamba pa timphira tija, n'kumanga ndi mabawuti aatali, timphirato n'kutsika kufupi ndi chitsulo. Belu la masana lisanalire ntchito inali itatha, osagula chinthu kusitolo. Zinthu za kudzala, zimene ana amaseweretsa, ndi zimene zinatsala pang'ono kugonetsa ana anga panja mvula ili mkati. Galimoto imeneyo ndinayenda nayo zaka zambiri, ndipo sinadyenso tayala.

Musaganize kuti bwana anapepesa. Anangondiponyera makiyi n'kuti, "Mawa Thekerani." A Fulaye sanawachotse, chifukwa kuwachotsa kukanakhala kuvomera pagulu kuti nzeru yake inali yoperewera. Ndinagwira nawo ntchito pabwalo limodzi mpaka anakalamba. Moni ndinkawapatsa, popeza ndine Mkhristu, koma galimoto ikatuluka m'manja mwawo ndinkakwawira pansi kuyang'ana ndekha, iwo akuona. Abusa amandiuza kuti ndikhululuke ndi mtima wonse. Ndikuyesa, ndipo Ambuye akudziwa pamene ndafika.

Madzulo a tsiku limenelo ndinafika kunyumba diso litatupa mpaka kutsekeka. Mayi a Feliya atandiona anagwira pamutu n'kuti, "Abambo a Feliya, mwamenyana nawo? Tsopano atimanga!" Ndinatulutsa makiyi m'thumba n'kuwaika m'dzanja lawo. Ndinati, "Masulani mitolo, mayi. Sitikupita kulikonse."

Ndikuthokoza Mulungu wanga amene anaona anthu onse atatseka pakamwa n'kutuma kachilombo kuti kakandichitire umboni. Kanayamba kumanga kanyumba kake bodza lisananenedwe, ine ndisanagwade m'bulugamu muja. Iwe m'bale amene akukunamizira, amene adani ako ayamba kale kuyeza nyumba yako ndi maso iwe uli momwemo, usataye mtima ndipo usabwezere ndi dzanja lako. Pemphera ngakhale pemphero lako lili lowawa ngati langa. Yankho likhoza kubwera likuluma, monga linandilumira ine, koma ndi yankho ndithu.

Nandolo uja anakhwima bwino chaka chimenecho. Tinathyola tokha, tinadya ndi ana athu pakhonde la nyumba yathu, ndipo mkazi uja ankadutsa pamsewu akuyang'ana kumbali. Dzina la Ambuye litamandike. Ameni.