Funso la MaNcube

Chaka chotsatira ngozi ya mumgodi wa malasha wa Kamandama, kudziko la eni komwe ankagwira ntchito, bambo ako anayamba kutsokomola magazi, Esinati, ndipo popeza masiku ano umayenda m'zipatala kufunsa odwala mmene akusamalidwira, tamvera izi.

Nthawi imeneyo tinkamva kuti munthu wa ku Malawi akamupeza ndi chifuwa chachikulu, ntchito ya mumgodi yatha, nyumba ya kukomboni yapita, chotsala n'kukwera sitima yobwerera kumudzi. Ndiye bambo ako ankatsokomolera m'tinsalu n'kumabisa m'jombo. Atagwa kuntchito anawagoneka m'chipatala, koma dokotala akafunsa, iwo ankangoyankha m'Chilapalapa, chilankhulo cha kumigodi, kuti, "Mushe," kunena kuti ali bwino, ndipo kabotolo kolavuliramo kankabwerera kouma. Popanda makhololo, mwanangu, matenda sakanadziwika, mankhwala sakanayamba.

Panali nesi wina wa Chindebele, MaNcube, amene anaona kuti ine ndikabwera ndi tiyi ndimatuluka ndi tinsalu m'chikwama. Sanatiulule. Mawa lake anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi, chinthu chimene sindinaonepo nesi akuchita, ndipo anafunsa m'Chichewa chake chothyokathyoka:

"Baba Phiri, inu opa chiyani?"

Bambo ako anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. "Sisitala, Chichewa chanucho chikudwala kuposa ine."

"Ndiye tonse timwa mankhwala. Yankhani."

MaNcube sanawafulumize, anangowadikira pampando paja. Kenako bambo ako anati, "Sitima. Ana anga anabadwira kuno. Kumudzi sindikudziwa ngati munda ukadalipo."

MaNcube sanawalonjeze kanthu. Anangowapatsira kabotolo kaja n'kunena kuti, "Lavulani, za sitima ndilankhula ndi dokotala." Analavula ine ndikuona.

Anapezadi chifuwa chachikulu, ndipo jekeseni anabayidwa miyezi, koma dokotala analemba kalata yowapempherera ntchito ya pamwamba. Akuluakulu a mgodi anawaika kogawira nyali kwa olowa mumgodi, komwe anakhala mpaka penshoni. Iweyo unabadwira m'nyumba yomwe ija tinkaopa kulandidwa.

Lero muli ndi makina oona m'chifuwa msanga, ndipo pepala lako la mafunso ndaliwerenga, limafunsa bwino za ululu, chakudya ndi kudikira pamzere. Koma ukafika pamapeto pake, usafulumire kutseka cholembera. Koka mpando, ufunse munthuyo chimene akuopa, ndipo akakhala chete, umudikire.